Galimoto ya Maliro Itaima pa Mphambano ya ku Chitala

Inu ana, tasiyani kiyiyo. Iwe Madalitso, ndikunena iwe. Chiyambire m'mawa ukungopotokola, galimoto ikungoti khe, khe, ndiye iwe ukuyesa kuti ukaipotokola mokwiya ikumvera chisoni. Batire ukulimaliza. Mlongo wakoyo wakwera pa chulu ndi foni, akuti akufuna makaniko wa ku Lilongwe amuuze chochita, ngati makanikoyo ali ndi makutu ofika kuno kunyanja. Bwerani mukhale pansi pa mango pano, injini ipume, inunso mupume. Ndikufunseni: mutatembenuza kiyi pang'ono, musanalize, munamva chiyani? Simunamvetsere, ndinadziwa. Eya, sekani. Mukuti agogo a Nambewe angadziwe chiyani za galimoto, ntchito yawo ndi kuyanika usipa pa thandala. Sekani mano akadalipo, koma mukatha kuseka mundimvere.

Agogo anu aamuna, a Jailosi, simunawaone. Kwawo kunali ku Chitala, kumtunda kwa alimi a chimanga uko. Ankatsika kuno ndi njinga ndi dengu kudzagula nsomba, ndipo tsiku lina anagula nsomba n'kupezanso ine. Anakhala mkamwini m'mudzi muno, namanga nyumba pamene pali khola la mbuzi paja. Anali munthu wosalankhula zambiri, wa manja aakulu, ndipo khutu lawo la kumanzere linagontha ali mwana, lakumanjalo nalonso linkangomva zofuula. Ndikawanyoza chapansipansi sankamva, ukwati n'kumayenda bwino.

Patapita zaka anagula kagalimoto ka bokosi kumbuyo kwa mzungu wina wa ku esiteti ya fodya amene ankabwerera kwawo. Kanali kokalamba kale, kobiriwira, kochokera ku Mangalande. Ine ndinkakatcha mkazi mnzanga, chifukwa Lamulungu tikachoka ku tchalitchi bambo ankavula jekete n'kulowa pansi pake mpaka madzulo, ine ndili kuno ndi ana. Ndinkakachitira nsanje kwenikweni, musayese ndikucheza. Koma ndi komweko kamene kanatichotsa pa njinga. Tinkanyamula chambo chachiwisi titakulunga m'udzu wonyowa, pakuti ayezi amene mumangogula pa golosaleyu kunalibe, n'kukwera mapiri kupita ku Lilongwe. Nthawi imeneyo inali ya chipani chimodzi, pa chipata cha msika pankaima achinyamata ofunsa khadi la chipani, ndipo ukaliiwala nsomba zako zinkaolera panja pomwepo iwe ukuona. Langa ndinkalimanga pa nsonga ya chitenje pamodzi ndi machesi.

Tsono galimoto ija inali ndi pampu ya petulo ya magetsi, kachitini kakuda kokhala mkati mwa boneti. Ukatembenuza kiyi inkalira kuti tiki-tiki-tiki, mwachangu poyamba, kenako pang'onopang'ono, n'kukhala chete petulo akadzaza. Ikapanda kulira, ndiye kuti petulo sakupita ku injini, ngakhale upotokole sitata mpaka mawa. Agogo anu kulira kumeneko sankakumva. Ndiye m'mawa uliwonse ankatembenuza kiyi n'kundiyang'ana.

"Nambewe, akuti bwanji mnzanuyo?"

"Wadzuka bwino, akuti tiyeni."

Kapena ndinkati, "Lero wanyanyala." Apo ankatsika, n'kuigogoda pang'ono ndi chigwiriro cha sipanala, ine ndikumvetsera. Makutu anali anga, manja anali awo. Koma munthu ukaimirira pambali pa boneti zaka ndi zaka, manja nawonso amayamba kuyabwa.

Anandiphunzitsa mosadziwa kuti akuphunzitsa. Ankati moto wa galimoto umayenda ngati madzi a m'ngalande ya kudimba: ukaona bedi lauma usakalipire bedi, tsatira ngalande upeze pamene patsekeka. Uyambire pa batire, upite ku kiyi, ufike pa chinthu chimene chakanacho. Ndipo ankabwereza mawu amodzi mpaka kunditopetsa, kuti moto umapita ndipo umabweranso, ukafika pa pampu uyenera kubwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto. Pansi pa mpando ankasunga kachitini ka fodya wa kaliwo, mmene munali kababu kakang'ono komangirira mawaya awiri. Waya wina ukagunditsa pamene ukukayika, winayo pa chitsulo, babu likayaka ndiye kuti moto wafika. Inu mumalumikiza kompyuta, ndamva, n'kumawerenga zimene yalemba. Ife kompyuta yathu inali imeneyo. Mitu ya batire ikachita ufa woyera uja, ndinkaitsuka ndi chidulo chomwe ndinkaphikira therere, ndipo inkawala bwino lomwe.

Mayi ako iwe Madalitso si woyamba kubadwa, ngakhale amadzitcha choncho. Woyamba anali Esinati. Anatisiya ndi chikuku atangoyamba kuthamanga, ndipo tinamuika ku manda a kuseri kwa mlambe uko. Agogo anu sanalire pamaso pa anthu. Koma kuyambira pamenepo, tikamadutsa pa mlambe paja, ankagunda hutala kamodzi, pang'ono chabe, n'kupitiriza ulendo. Chaka china pa Khirisimasi kunabwera akulu awo a ku Chitala, a Gidiyoni, ndipo tili pakhonde agogo anu anati, "Achimwene, ine ndikadzafa musadzavutike kundikweza kumtunda. Mudzandigoneke pafupi ndi mwana wanga." A Gidiyoni anaseka, nati mkamwini saikidwa kuchikamwini, kwawo kulipo. Koma anamva, ndipo inenso ndinamva.

Agogo anu anadwala chibayo m'nyengo yotentha, mvula isanagwe, nyenje zikulira m'mitengo. Tinawatengera ku chipatala cha pa boma ku Salima, ndipo sanakhalitse. A Gidiyoni anafika mtembo uli kale m'bokosi. Anavomera za kunyanja, koma movutikira, mlomo uli wolemera. Sindiwanena zoipa a Gidiyoni, mumve bwino. Mng'ono wawo ankamukonda, ndipo ku Chitala kunali mayi awo, apongozi anga, okalamba osatha kuyenda, amene ankafuna mwana wawo agone pafupi. Ku mudzi kuno uthenga unali utafika kale, manda akukumbidwa pambali pa Esinati.

Woyendetsa anali Che Saidi, mnansi wathu wachisilamu, wogulitsa nsomba mnzathu amene kale ankayendetsa lole. Anasiya malonda ake n'kubwera yekha osapemphedwa. Bokosi tinaliika kumbuyo kwa kagalimoto kathu kaja, ine ndinakhala pambali pake nditafunda chitenje kumutu monga namfedwa amachitira, ndi amayi awiri a kumpingo, wamkulu wawo a Nankhoma. A Gidiyoni anakhala kutsogolo. Che Saidi anati, "Inshallah, tifika dzuwa lisanapendeke." Tinayenera kufulumira ndithu, chifukwa kutentha kuja sikudikira munthu, ndipo nonse mukudziwa chimene ndikunena.

Tinayenda bwino mpaka pafupi ndi Khombedza. Ndiye galimoto inatsokomola, n'kukoka, n'kutsokomolanso, n'kufa. Inayenda yokha pang'ono n'kukaima, ndipo pamene inaimapo, ana inu, panali pa mphambano penipeni pa njira yokhotera ku Chitala. Pakanakhala pena paliponse pa msewu wonse uja, bwenzi anthu atangoti galimoto yawonongeka.

Che Saidi analiza sitata. Inazungulira, injini osagwira. Analizanso, nalizanso, monga wachitira Madalitso m'mawa muno, mpaka sitata inayamba kulemera, kenako n'kumangoti khe, basi. A Gidiyoni anatsika pang'onopang'ono, navula chipewa, nabwera kumbuyo. Mwambo mukuudziwa: galimoto ya maliro ikaima panjira, wamkulu wa kubanja amalankhula ndi malemu. Anagwira bokosi ndi dzanja limodzi.

"Jailosi, ndine mkulu wako Gidiyoni. Tikukutengera kunyanja monga unanena. Ngati uli nazo bwino, masula njira, anthu akudikira."

Che Saidi anayesanso. Khe. A Gidiyoni anatembenuka, misozi ili m'masaya.

"Mwaona nonse. Munthu amalankhula zina ali moyo, koma akafa amadziwa kwawo. Wakana. Waima pa njira ya kwa mayi ake."

Anthu a m'nyumba za pafupi anali atasonkhana kale, ndipo onse anagwedeza mitu kuvomereza. A Gidiyoni anapempha mwamuna wina kuti akamange ng'ombe pa ngolo. Ine ndili m'chitenje muja ndinamva mayi wina wa pamenepo akunong'oneza mnzake kuti mwamuna sakana kwa mkazi wake popanda chifukwa, pali chimene mkaziyu anamuchita. Mawu amenewo anandiwawa kuposa dzuwa. Koma chimene chinandiwawa koposa n'chakuti dzenje la pambali pa Esinati likakwiriridwa lopanda munthu, ndipo bambo ake amene ankamulizira hutala akagona kutali.

Tsono ine ndinali nditamva mmene injini inafera. Sinafe mwadzidzidzi monga imachitira waya wa moto akaduka. Inafa ndi ludzu, ikukoka, ikutsokomola. Imfa imeneyo ndinali nditaimva kambirimbiri pa mapiri a ku Lilongwe. Ndinavundukula chitenje kumutu n'kuchimanga m'chiuno.

A Nankhoma anandigwira mkono. "Nambewe, mukupita kuti? Namfedwa satsika, salankhula. Khalani pansi, musatichititse manyazi."

"Amayi, ndisiyeni. Manyaziwo ndidzawasenza ndekha."

Ndinatsika. Phula linanditentha kumapazi, pakuti nsapato ndinali nditavula. Ndinagwada pamaso pa a Gidiyoni, chifukwa ngakhale mtima unali kuwira, ulemu ndinali nawo.

"Alamu, mwafunsa achimwene anu. Ndiloleni nanenso ndifunse galimotoyi. Ikapanda kundiyankha ngolo isanafike, muwatenge mupite nawo ku Chitala, ine sindidzatsegulanso pakamwa."

"Mlamu, kodi chisoni chakuzunguzani mutu? Amuna anu ali m'bokosi, inu mukufuna kugwira zitsulo?"

"Zitsulo zimenezi ndi zawo, alamu. Ndazigwira nawo zaka zonsezi."

Che Saidi ndiye anatsegula boneti, nati chapansipansi, "Mayi, ine za lole ndimazidziwa, koma kagalimoto aka ndi ka inu ndi malemu. Nenani chochita, ndichita."

Ndinayamba pa batire monga anandiphunzitsira. Ndinati Che Saidi ayatse nyali za kutsogolo n'kuliza sitata. Nyali zinazimiratu. Ndinagwira mutu umodzi wa batire, wozizira. Ndinagwira winawo, unanditentha chala. Mutu ukatentha choncho ndiye kuti moto ukuvutika kudutsa, walephera kugwirana bwino. Masabata amene bambo anali kudwala panalibe woutsuka, ufa woyera unali utadzaza. Chidulo panalibe, ndiye ndinatenga mpeni wanga wopalira nsomba pansi pa mpando, ndinamasula, ndinapala mpaka mtovu unawala, ndinamanganso zolimba. Nyali zinayaka, zofooka koma zinayaka. Ndinauza Che Saidi kuti azimitse ndipo sitata asaikhudzenso, moto wotsalawo tiusunge.

"Tsono tembenuzani kiyi kamodzi kokha. Anthu inu, khalani chete."

Anthu anakhaladi chete, kudabwa kuti namfedwa akulamula. Ndinaika khutu pa pampu. Zii. Ndinaigogoda ndi chigwiriro cha mpeni, inati tiki kamodzi n'kusiya. Ndinatulutsa kachitini ka fodya kaja, ndinagunditsa waya wina pa mutu wa pampu, winayo pa chitsulo cha galimoto, babu linayaka. Moto unali kufika pakhomo. Ndinamasula chivindikiro chakuda cha pampu kuti ndione timilomo tiwiri ta mkati timene timagundana, amakaniko amati mapointi.

Pamenepo ndi pamene ndinaona kansanza. Waya wolowa mu pampu anali atakulungidwa ndi kansalu ka maluwa achikasu, komangidwa mfundo ya asodzi. Kanali ka chitenje changa cha ku tchalitchi, chimene ndinachipeza chong'ambika m'mphepete chaka chapitacho. Ndinakalipira ana, ndinakalipira mbuzi, bambo ali phee pakhonde ngati sakumva, ndipo mwina sankamvadi. Kuchipatala ndinalira monga mwambo umafunira, koma apa ndinalira zenizeni, mutu uli m'boneti, misozi ikugwera pa injini yotentha. Ndinati mumtima, a Jailosi, wakuba uja munali inu.

Timilomo tija tinali takuda, topserera. Machesi anga anali atatsala kuchipatala. Ndinadzutsa mutu n'kuona a Gidiyoni ataima poteropo, ndipo iwo ankasuta.

"Alamu, ndibwerekeni bokosi la machesi."

Akanatha kukana, ndipo palibe akanawanena. Anapisa m'thumba n'kundipatsa. Ndinang'amba mbali yokhwekhwesera ija, ndinaipititsa pakati pa timilomo, uku ndi uku, mpaka tinayera. Ndinati Che Saidi atembenuze kiyi.

Zii.

Kumbuyo kwanga ndinamva mikombero ya ngolo ikulira ndi mwini wake akukuwira ng'ombe. Mayi wonong'ona uja ananena mokweza tsopano kuti zamanyazi, mkazi kulimbana ndi mzimu wa mwamuna wake. A Nankhoma anali kundiitana kuti ndibwere ndifunde. Ndinatsala pang'ono kumvera. Koma kababu kanali kakadali m'dzanja langa, ndipo ndinakumbukira mawu otopetsa aja, akuti moto umapita ndipo umabweranso. Ndinali nditafunsa za kupita kokha. Ndinagunditsanso waya pa mutu wa pampu, koma winayo ndinauika pa thupi la pampu yeniyeniyo, osati pa chitsulo cha galimoto. Babu silinayake. Njira yobwerera inali yotseka. Ndinapapasa kunsi ndi zala, ndinapeza kawaya kakafupi kochoka pa pampu kupita ku chitsulo, kabawuti kake kadyedwa ndi dzimbiri, kakungogwedera. Chinyezi cha kunyanja kuno chimadya chitsulo mwakachetechete. Ndinapala ndi mpeni, ndinamanga ndi sipanala mpaka kanagwira zolimba.

Sindinauze n'komwe Che Saidi, pakuti kiyi anali chitembenuzire. Tiki. Tiki-tiki-tiki-tiki-tiki. Inalira mwachangu, mokweza, moti ngakhale a Gidiyoni anaimva. Kenako pang'onopang'ono, tiki, tiki, n'kukhala chete itakhuta. Pakamwa panga panatuluka mawu a m'mawa uliwonse ndisanaganize: "Wadzuka bwino, akuti tiyeni."

Batire linali lofooka kuti lizungulitse sitata, ndiye panafunika handulo, chitsulo chopinda chija chopukusira injini kutsogolo, chimene galimoto zanu za masiku ano zilibe. Che Saidi anachitulutsa, koma a Gidiyoni anatambasula dzanja. Anavula jekete, nalipereka kwa mwini ngolo, nalowetsa handulo. Asanapukuse analankhula mokweza, nkhope ataloza kumbuyo kumene kunali bokosi.

"Jailosi, ndakufunsa ine sunandiyankhe. Wakufunsa mkazi wako wayankha. Ngati ndi kunyanja, tiye."

Anapukusa kamodzi, injini inatsokomola. Anapukusanso, inagwira. Palibe anaseka kapena kuwomba m'manja, anali maliro. A Gidiyoni anapepesa mwini ngolo, ndipo ine ndinakwera kumbuyo, ndinafundanso chitenje n'kukhala namfedwa monga poyamba. Titafika pa mlambe, Che Saidi, amene ankadziwa chizolowezi cha mnzake, anagunda hutala kamodzi, pang'ono chabe.

Tinawaika tsiku lomwelo dzuwa likadalipo. Amayi a kumpingo anabwera ndi madzi ndi sopo kuti andisambitse m'manja, pakuti munali bii ndi girisi mpaka m'zikhadabo. Ndinakana. Ndinati mawa. Linali fungo la manja a bambo, limene ndinkadandaula nalo pa mphasa zaka zonse zija, ndipo ndinafuna ligone nane usiku umodzi wokha. Pa tsiku lometa, achibale ena a ku Chitala anayamba kufunsa za galimoto, koma a Gidiyoni anawadula, nati galimoto yasonyeza yokha mwini wake. Iwo ndiwo anakafotokozera apongozi anga, ndipo mwezi wotsatira ndinapita ndekha ku Chitala ndi chambo chouma, tinakalira limodzi. Galimoto ndinakhala nayo mpaka mayi ako atamaliza sukulu, Che Saidi akuyendetsa, ine ndikumvetsera pampu. Anthu a pa Khombedza anandinena zaka zambiri kuti ndine mkazi amene anatsika pa maliro a mwamuna wake. Ndinatsikadi, ndipo ndimanyadira. Pa zonse zimene manja awa agwira, nsomba, makasu, ana, palibe ntchito imene ndinaigwira bwino kuposa ya tsiku limenelo.

Tsono ndikudziwa chimene mwabwerera. Mayi anu akutumani kuti mundinyengerere ndikakhale ku Lilongwe, kufupi ndi madokotala. Musayang'anane, makutu anga akadali akuthwa. Mwina ndipita, miyendoyi yayamba kundikana. Koma kuseri kwa mlambe kuli malo amene ndinasiya, pakati pa Esinati ndi bambo ake, ndipo a Nankhoma asanamwalire ndinawaonetsa, ana awo akudziwa. Tsiku limenelo likadzafika mudzandinyamula pa msewu womwewu, ndipo galimoto zanu ndaziona mmene zilili. Ikadzaima panjira, padzapezeka wina wovula chipewa n'kunena kuti agogo akukana, akufuna ku Lilongwe. Musadzamumvere. Ine sindidzakana, ndakhala ndikudikira ulendo umenewo nthawi yaitali. Mudzatsegule boneti, mudzayambire pa batire.

Dzuka, Madalitso, ndigwire mkono. Katenge mpeni wanga pa thandala, ndipo mlongo wako asiye foniyo, akatembenuze kiyi. Ndikufuna ndione ndi maso anga kuti mwaphunzira ndikadali moyo.